Mwala wa mizeremizere wa pa kwale: unasintha bwanji osasungunuka?

Mphunzitsi wa ku Ntcheu analemba kuti:

Ndikupereka moni kwa nonse amene mumawerenga pano. Ndine mphunzitsi wa jiyogirafe pa sekondale ina yoyendera m'boma la Ntcheu, ndipo ndabwera ndi funso limene landisowetsa mtendere kuyambira sabata yatha. Pophunzitsa za magulu atatu a miyala ndinauza ana kuti aliyense abweretse mwala umene angatole m'njira, ndipo mtsikana wina wa Fomu 3 anabwera ndi chibenthu cha mwala wa kwale chimene anatola pamalo pamene anthu akukonza msewu. Mwalawo uli ndi mizere yoyera ndi yakuda yotsatizana, mizere ina ndi yopindika ngati chitenje chokwinyika, ndipo m'mizere yakudayo muli timibulu tofiirira, kukula kwake ngati njere za mapira. Ndinawauza, monga mmene buku lathu limanenera, kuti mwala umenewu ndi gneiss, ndipo unachita kusandulika kuchokera ku mwala wina chifukwa cha kutentha ndi kupanikizika pansi pa nthaka.

Mtsikanayo sanakhutire. Iye anati mwala sungapindike chonchi pokhapokha utayamba wasungunuka n'kukhala ngati phala, ndipo ngati unasungunukadi, sakuona chifukwa chousiyanitsira ndi miyala yochokera ku chiphalaphala, imene tinaphunzira dzulo lake. Ndinamuyankha kuti sunasungunuke, ndipo iye anangokhala chete mwaulemu, koma nditafika kunyumba ndinazindikira kuti ndinangobwereza mawu a m'buku amene inenso sindinawamvetse. Chinthu cholimba chimene nyundo yaikulu imachita kuvutika nacho chingasinthe bwanji timibulu take, n'kumera tina tatsopano, chili chilimbire?

Palinso china chimene buku limangodutsapo. Paliponse limatchula kutentha ndi kupanikizika pamodzi ngati mapasa, osanena kuti ntchito ya kutentha ndi iti, ndipo ya kupanikizika ndi iti. Ndinaganiza zopereka chitsanzo cha njerwa zootcha, popeza mwana aliyense kuno anauonapo uvuni, koma ndikuopa kuwaphunzitsa chinthu cholakwika chimene chidzawavute kuchichotsa m'mutu. Ndikupempha amene akudziwa kuti andithandize ndisanakumanenso ndi kalasi imeneyi Lachinayi.

Wopuma pa ntchito wa ku Zomba anayankha kuti:

Aphunzitsi, mwachita bwino kusabisa kuti funso la mwanayo linakugwirani pakhosi, chifukwa ambiri amene tinaphunzira za miyala tinalidumpha n'kudzalimvetsa titayamba kale ntchito. Ine ndinakhala zaka zambiri ndikuyenda m'mapiri ndi nyundo pojambula mapu a miyala, ndiye ndifotokoza monga ndinazionera.

Tiyambire apa: mwala si chinthu chimodzi chogwirana ngati galasi. Ndi timibulu ta maminero osiyanasiyana tolumana, ndipo mkati mwa kambulu kalikonse maatomu anasanjika mwa dongosolo lakelake. Dongosolo lililonse lili ndi malire a kutentha ndi kupanikizika amene limakhazikikamo, ndipo mwala ukatuluka m'malire amenewo, maatomu omwewo amakhazikika bwino akasanjika mwa njira ina. Kuno kumtunda kozizira sangasunthe n'komwe. Koma kutentha kukafika madigiri 300, 500 kapena 700, maatomu amanjenjemera kwambiri moti ena amathothoka pamalo awo, n'kuyenda pang'onopang'ono m'mphepete mwa timibulu, mmene nthawi zambiri mumakhala timadzi tochepa kwambiri, mpaka kukalowa m'kambulu katsopano kamene kakukula. Pa nthawi ina iliyonse, pafupifupi mwala wonse umakhala uli wolimba. Tayerekezani munthu amene akumanganso nyumba yake pochotsa njerwa imodzi lero n'kuiika pena, ina chaka chamawa, banja likugonabe momwemo. Patapita nthawi yaitali nyumbayo idzakhala ina ndithu, koma palibe tsiku limene inagwapo. Chimene chimatisokoneza ndi nthawi, chifukwa ntchito imeneyi imatenga zaka mamiliyoni.

Kutenthako kumachokera ku kuya. M'madera ambiri, munthu akamatsika pansi kutentha kumawonjezeka ndi madigiri 25 mpaka 30 pa kilomita iliyonse. Chitsime chakuya kwambiri chimene anthu anabowolapo molunjika pansi, cha ku Kola m'dziko la Russia, chinafika mamita 12,262 m'chaka cha 1989, ndipo pansi pake anapeza kutentha kwa madigiri pafupifupi 180. Pamenepo ndi pakhomo chabe, pamene kusandulika kwa miyala kumangoyamba kumene. Kupanikizika nako kumachokera ku kulemera kwa miyala ya pamwamba: kilomita iliyonse imawonjezera mphamvu yoposa ya mpweya umene watizingawu maulendo pafupifupi 270, ndipo pa makilomita 30 mphamvuyo imaposa mpweya wa m'tayala la galimoto maulendo oposa 3,000.

Chitsanzo chimene chingathandize ana ndi cha matope. Matope akaunjikana pansi pa nyanja n'kukwiririka amauma n'kukhala shale, mwala wofewa wosavuta kuuswa. Ukatsikira pansi n'kutenthedwa pang'ono, dongo la m'kati mwake limayamba kusanduka timapepala ta mica tosaoneka ndi maso, ndipo mwalawo umasanduka slate, umene umang'aluka mosalala. Masileti amene ife akale tinkalembapo ku pulaimale, aja osweka akagwa pansi, anali a mwala umenewu. Kutentha kukapitirira timapepala tija timakula, mwala umayamba kunyezimira ndipo umatchedwa phyllite, kenaka schist, mmene mica amaoneka bwinobwino ndipo garnet amayamba kumera. Timibulu tofiirira tija mwaona ndi garnet ameneyu. Pamapeto pake, pa madigiri 600 kapena 700, mica woyera amagwirizana ndi quartz n'kubala feldspar ndi sillimanite, maminero oyera amapatukana ndi akuda, ndipo mumapeza gneiss. Pa sitepe iliyonse ya ulendowu mwala umataya madzi, chifukwa dongo ndi mica amasunga madzi mkati mwa dongosolo la maatomu awo, pamene garnet ndi feldspar alibe. Sindikunena kuti gneiss aliyense anayamba ngati matope, chifukwa wina anali granite, mwala wa chiphalaphala, poyamba, koma njira ya matopeyi ndi imene imaoneka bwino pophunzitsa.

Za mizere ija, imabwera chifukwa chakuti pamene zigawo zikuluzikulu za dziko zikugundana, mwala sumapanikizika mofanana mbali zonse. Timapepala ta mica timakula mogona mopingasa ndi kumene mphamvu ikuchokera, monga mmene udzu umagonera pansi pa mphasa. Mwala wopanda maminero athyathyathya sukhala ndi mizere yotere ngakhale utapanikizidwa chimodzimodzi. Mwala wa laimu umangosanduka marble, timibulu take ta calcite titakula n'kulumana ngati shuga wogwirana, ndipo ndi marble wotereyu amene ankakumbidwa ku Changalume, kufupi ndi kuno ku Zomba, popangira simenti. Mwala wa mchenga nawo umasanduka quartzite.

Kupindika kuja, mukawatengere ana kwa wosula makasu. Chitsulo chikafiira pamoto amachipinda mmene akufunira, koma sichinasungunuke, ndipo mukachigwetsa pansi chimalira ngati chitsulo ndithu. Mwala wotentha madigiri 600 umene ukukankhidwa mamilimita ochepa pa chaka umachita zomwezo. Komabe mwanayo musamugonjetse kotheratu, chifukwa ali ndi mbali yake yoona. Kutentha kukadutsa madigiri 650 kapena 700 ndipo madzi alipo, gawo loyera la gneiss limayamba kusungunuka pang'ono pamene lakuda likadali lolimba, ndipo mwala wosakanizika chotero timautcha migmatite. Ngati mizere yoyera ya mwala wanuwo ndi yokhuthala, ya timibulu tikulutikulu, ndipo pena ikudula mizere yakuda m'malo moyenda nayo limodzi, n'kutheka kuti mwanayo anatola mwala umene unafika pa malire enieniwo.

Kunena mwachidule pa funso lanu lachiwiri, ine ndimati kutentha ndiye wophika, kupanikizika kumangoyala zinthu m'mizere.

Womanga nyumba wa ku Lunzu anayankha kuti:

Ine sindinaphunzire za miyala, koma njerwa ndaotcha zambiri, ndipo ndikufuna kuikira kumbuyo chitsanzo cha aphunzitsi chisanatayidwe. Aliyense amene anaphwasulapo uvuni amadziwa kuti njerwa sizipsa mofanana. Zimene zili pafupi ndi ngalande za moto zimada, zimalimba kwambiri, zina zimapindika ndipo zimanyezimira ngati zapakidwa galasi. Zapakati zimafiira bwino ndipo zimalira mukazigogoda. Zakunja, zoyandikana ndi matope omatira uvuni, zimatuluka zosapsa, moti mvula ikazipeza zimabwerera ku dothi. Dothi lake ndi limodzi, chikombole chimodzi, ndipo chasiyanitsa ndi mtunda wochokera pa moto basi. Njerwa yofiira bwino ija sinasungunukepo, koma mukainyika m'madzi chaka chathunthu sibwereranso kukhala dongo. Ngati ndamva bwino zimene bambo a ku Zomba afotokoza za madzi otuluka m'dongo, ndiye kuti ndi zomwezi.

Za kutentha kwa pansi, agogo anga aamuna anagwirako ntchito m'migodi ya golide ku Joni, ndipo ankasimba kuti pansi penipeni khoma la mwala linkatentha ngakhale kuti kunalibe moto uliwonse. Tinkayesa nthano za akuluakulu, koma ndinadzamva kuti m'migodi yakuya kwambiri ya ku South Africa, imene ikuyandikira makilomita anayi, mwala umafika madigiri 60, ndipo amachita kuziziritsa mpweya kuti anthu agwire ntchito. Funso langa ndi lakuti, kodi m'chilengedwe muli malo amene mwala umapsa mbali imodzi ngati mu uvuni, kapena zonse zimachitika chifukwa cha kuya kokha?

Mayi wophunzira za miyala ku Scotland anayankha kuti:

Bambo a ku Lunzu, malo otero alipo, ndipo mwawafotokoza bwino kuposa mabuku ena. Chiphalaphala chikakwera kuchokera pansi n'kuima pakati pa miyala yozizira, chimaotcha miyala yoyandikana nacho, ndipo kupsako kumachepa munthu akamatalikira, monga mu uvuni wanu. Mwala wopsa chotero umakhala wolimba, wa timibulu ting'onoting'ono, wopanda mizere, ndipo dzina lake ndi hornfels. Victor Goldschmidt anafufuza miyala yotereyi kufupi ndi mzinda wa Oslo ku Norway, ndipo zimene analemba m'chaka cha 1911 zinasonyeza kuti maminero amene amamera amatsatira malamulo a kemisitiri, moti munthu akadziwa zimene zinali mu mwala poyamba angathe kulosera zimene zidzameremo. Choncho aphunzitsi angagwiritse ntchito uvuni, bola awauze ana malire a chitsanzocho. Njerwa imapsa masiku ochepa, pa moto woopsa kuposa umene miyala yambiri yosandulika inakumana nawo, popanda cholemera pamwamba pake, ndipo zonyezimira zija za pafupi ndi moto zinasungunukadi pang'ono. Uvuni ukufotokoza za kutentha kokha. Sukufotokoza za gneiss wa mwana uja.

Apa ndi pamene ndikupempha kusiyana pang'ono ndi bambo a ku Zomba, ngakhale kuti zonse zimene afotokoza ndi zoona kupatula chiganizo chawo chomaliza. Kupanikizika kuli pawiri. Kulipo kopanikiza mbali imodzi, kumene kumayala mizere monga anenera. Koma kulinso kupanikizika kwa kulemera kwa miyala, kofanana mbali zonse, ndipo kumeneku sikuyala mzere uliwonse, koma kumasankha kuti ndi minero uti amene amere. Kukachuluka, maatomu amakakamizika kusanjika mothinana, ndipo maminero olemera ndi amene amapambana.

Umboni wake ndili nawo pafupi kuno. M'chaka cha 1893 George Barrow, amene ankajambula mapu a miyala ku mapiri a kum'mwera chakum'mawa kwa Scottish Highlands, m'dera la chigwa cha Glen Esk, analemba kuti munthu akamayenda pa miyala imene poyamba inali matope, maminero atsopano amaonekera motsatizana. Mndandanda wake monga timauphunzirira lero ndi chlorite (minero wobiriwira), biotite (mica wakuda), garnet, staurolite, kyanite, ndipo pomaliza sillimanite. Mtunda wake munthu angauyende ndi miyendo, ndipo ine nditauyenda koyamba ndinadabwa kuona kuti malire ena amapezeka pongowoloka kamtsinje. Barrow ankaganiza kuti chinaotcha miyalayo ndi granite wa m'deralo, ndiye kuti iyenso anali ndi maganizo a uvuni, koma amene anabwera pambuyo pake anaona kuti dera lonselo linakwiriridwa pansi pa mapiri pamene zigawo za dziko zinagundana, zaka pafupifupi 470 miliyoni zapitazo.

Tsono mukapita chakumpoto, ku dera la Buchan kupitirira mzinda wa Aberdeen, mumapeza miyala ya gulu lomwelo, imene inalinso matope ndipo inatenthedwa pa nyengo yomweyo, koma kyanite simumupeza. M'malo mwake muli andalusite ndi cordierite. Chodabwitsa n'chakuti andalusite, kyanite ndi sillimanite ndi chinthu chimodzi pa kemisitiri: maatomu awiri a aluminiyamu, imodzi ya silicon ndi asanu a okosijeni. Chosiyana ndi kasanjidwe kokha. Andalusite, amene maatomu ake ndi otayana, amamera pamene kupanikizika kuli kochepa. Kyanite, wothinana ndi wolemera kuposa anzakewo, amamera pamene kuli kwakukulu, ndipo sillimanite amamera pamene kutentha kwakwera kwambiri. Atatuwa amakumana pa madigiri pafupifupi 500 ndi kuya kwa makilomita pafupifupi 15. Ndiye kuti miyala ya ku Buchan inapsa ili pafupi ndi kumtunda, pamene ya Barrow inapsa ili pansi kwambiri, ndipo zimenezi tikuzidziwa popanda wina amene anatsikirako. Pentti Eskola wa ku Finland ndi amene, cha m'ma 1915 mpaka 1920, anakhazikitsa mfundo yakuti gulu la maminero opezeka pamodzi mu mwala limasonyeza kutentha ndi kupanikizika kumene mwalawo unafika.

Aphunzitsi, simukufunika kubwera ku Scotland kuti muone zimenezi, chifukwa m'boma lanu lomwelo la Ntcheu, ku Kapiridimba, kuli kyanite. Amaoneka ngati timipeni tathyathyathya totuwira kapena tobiriwira ngati thambo, ndipo ali ndi khalidwe lachilendo lakuti mpeni umamukanda motsatira utali wake koma umalephera mopingasa. Mwana akagwira kyanite m'manja, wagwira umboni wakuti pamwamba pa malo amene waimapo panali miyala yokhuthala makilomita ambiri imene lero kulibe.

Mwala wakuda wa chiphalaphala, basalt, umasonyeza zomwezi moonekeratu. Pa kutentha kochepa umabiriwira n'kukhala greenschist, pa kutentha kwapakati umakhala amphibolite, ndipo pa kutentha kwakukulu umakhala granulite. Koma pansi pa nyanja pakamira mofulumira kulowa pansi pa chigawo china cha dziko, mwalawo umafika kuya kwakukulu usanatenthe mokwanira, ndipo umasanduka blueschist, kenaka eclogite, mwala wolemera kwambiri wa garnet wofiira ndi pyroxene wobiriwira. Madigiri a eclogite akhoza kufanana ndi a amphibolite, koma miyala iwiriyi sifanana ngakhale pang'ono. Pamenepa kutentha sikungakhale wophika yekha.

Mphunzitsi wa ku Ntcheu analembanso kuti:

Ndathokoza kwambiri nonse atatu. Chitsanzo cha wosula makasu ndichitenga monga chilili, ndipo uvuni ndiugwiritsa ntchito pa miyala yopsa pafupi ndi chiphalaphala yokha. Koma mayankho anuwa abala funso lina, ndipo ndikudziwa kuti mtsikana uja adzalifunsa ndisanamalize kulankhula. Mwanena kuti minero aliyense amakhazikika m'malire ake, ndipo mwala ukatuluka m'malirewo maatomu amasanjika mwa njira ina. Ngati ndi choncho, mwala uja pokwera kuchokera pansi unadutsanso m'malo onse amene unadutsa potsika, kuyambira kotentha mpaka kozizira. N'chifukwa chiyani sunabwerere m'mbuyo, gneiss kukhala schist, schist kukhala slate, mpaka matope? Garnet amene ali pa tebulo langa pano ali kunja kwa malire ake, nanga akudikira chiyani?

Wopuma pa ntchito wa ku Zomba anayankhanso kuti:

Mayi a ku Scotland andikonza bwino ndipo ndavomera. Ndinazolowera miyala ya kuno kum'mwera, imene yambiri inapsa kwambiri moti munthu amaiwala za kupanikizika.

Aphunzitsi, funso lanu lachiwirili ndi limene lili pamtima pa nkhani yonseyi, ndipo yankho lake bambo a ku Lunzu analikhudza kale ponena za njerwa yosabwerera ku dongo. Zifukwa zake ndi ziwiri, ndipo choyamba ndi madzi. Potsika, mwala unkataya madzi pa sitepe iliyonse, ndipo madziwo sanakhale pomwepo kudikira, anathawira kumtunda kudzera m'ming'alu. Kuti garnet ndi feldspar abwerere kukhala mica ndi chlorite, madzi aja ayenera kubwezedwa, koma mwala wokwerawo ndi wouma ndiponso wothinana moti madzi alibe polowera. Chachiwiri ndi kuzizira. Potsika, kutentha kunkakwera ndipo maatomu ankayenda mofulumirirapo, pamene pokwera kutentha kukutsika ndipo maatomu akufooka, mpaka amafika poti sangathenso kusuntha. Choncho mwala umasunga makamaka chithunzi cha nthawi imene unatentha kwambiri. Garnet wa pa tebulo lanuyo sakudikira kanthu, wangouma m'malo ngati mmene diamondi alili, chifukwa nayenso diamondi kwawo ndi pansi pa makilomita 150, ndipo kuno kumtunda dongosolo lokhazikika la kaboni, amene amapanga diamondi, ndi graphite, uja wakuda wa m'pensulo.

Kubwerera m'mbuyoko kumachitika ndithu, koma pokhapokha pamene madzi apeza njira mwala ukadali wofunda. M'mbali mwa ming'alu ikuluikulu ndaonapo gneiss wobiriwira, biotite wake atasanduka chlorite, pamene mamita ochepa kuchokera pamenepo mwala uli bwinobwino. Garnet ndi wouma mutu kuposa maminero ambiri, ndipo amatha kutsekera timibulu tina mkati mwake n'kutisunga. M'chaka cha 1984 Christian Chopin anapeza coesite mkati mwa garnet ku Dora Maira, m'mapiri a Alps ku Italy. Coesite ndi quartz wothinana amene amafuna kupanikizika kwa kuya kwa makilomita pafupifupi 90 kapena 100, ndipo kufikira nthawi imeneyo akatswiri ambiri sankakhulupirira kuti miyala ya kumtunda ingamire mpaka pamenepo n'kubwereranso. Kunja kwa garnet, coesite yense anali atabwerera kale kukhala quartz wamba.

Tsono za mwala wanuwo. Gawo lalikulu la Malawi lakhala pa miyala yosandulika, ndipo ya kum'mwera ndi pakati inapsa komaliza zaka pafupifupi 550 miliyoni zapitazo, pamene zigawo za dziko zinagundana n'kupanga chimtunda chachikulu cha Gondwana. Miyala ina ya kum'mwera kuno inafika madigiri oposa 800 pa kuya kwa makilomita pafupifupi 30. Ndiye kuti pamene pali minda yathu lero panali tsinde la mapiri ataliatali. Mvula ndi mitsinje zinakokolola mapiriwo pang'onopang'ono, ndipo pamene katundu wa pamwamba ankachepa, za pansi zinkakwera, monga bwato limakwerera m'madzi akamatsitsa matumba. Mapiri a Mulanje ndi Zomba musawasokoneze ndi nkhani imeneyi. Iwo ndi a chiphalaphala chimene chinalowa mu gneiss mochedwa kwambiri, zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, ndipo gneiss anali atakalamba kale.

Kumtunda kuno madzi amapambana pomaliza, koma mwa njira ina, yowoletsa mwala. Feldspar amafumbutuka n'kukhala dongo, maminero akuda amachita dzimbiri n'kufiiritsa dothi, ndipo zotsala ndi zolimba zokha. Ndi chifukwa chake ku Malingunde, kufupi ndi damu la Kamuzu, graphite amapezeka m'dothi lofewa la gneiss wowola, ndipo ku Kasiya m'boma la Lilongwe momwemo muli rutile, minero wa chitsulo cha titaniyamu, wotsalira mwa njira yomweyo. Graphite ameneyo anali zotsalira za tizamoyo ta m'matope a m'nyanja yakalekale, ndipo kutentha komwe kunapanga gneiss ndi kumene kunasanja kaboni wake kukhala timapepala tonyezimira. Nawonso ruby ndi sapphire a pa phiri la Chimwadzulu, kwanu konko ku Ntcheu, anamera m'miyala yosandulika.

Lachinayi mutenge galasi lokulitsa zinthu ngati sukulu ili nalo, munyowetse mwalawo ndi madzi kuti mitundu ioneke bwino, ndipo mumupatse mtsikanayo kuti ayang'ane m'mphepete mwa garnet mmodzimmodzi. Akapeza kamkombero kobiriwira kozungulira kambulu kofiira, ameneyo nthawi zambiri amakhala chlorite, ndipo pamenepo ndi pamene madzi analowa mwala ukukwera, kubwerera m'mbuyo kuja kunayambika n'kulekera panjira. Ayang'anenso ngati mizere yakuda ikukhota pozungulira garnet kapena ikungothera pa iye, chifukwa ikakhota ndiye kuti garnet analipo kale pamene mwala unkafinyidwabe. Mudzatiuze zimene adzaone, ndiponso ngati mizere yoyera ija ikudula yakuda.